Boma likamwaza asilikali, n'chifukwa chiyani limayamba kuwaopa?

Funso: Ndine mphunzitsi ku Chadiza. Bambo anga amakonda kusimba za nthawi ya Matsanga, pamene anthu a m'malire ankagona kutchire, ndipo amati nkhondo ya ku Mozambique itatha mantha sanathe, chifukwa asilikali ochotsedwa ntchito anali ponseponse. Ana a sukulu anandifunsa chifukwa chimene boma limayambira kulonda, kusamutsa ngakhale kutsekera anthu amene dzulodzuloli anali asilikali. Kodi anthuwa ndi oopsadi, kapena ndi mantha chabe a andale? Nanga zimene maboma amachitazo zimathandiza?

Yankho: Zikomo aphunzitsi. Bambo anuwo sakukokomeza. Kuyambira cha mu 1987 zigawenga za Renamo za ku Mozambique, zimene anthu ankazitcha Matsanga, zinkadumpha malire n'kumavutitsa midzi ya ku Chadiza, Katete ndi Petauke, kulanda ziweto ndi katundu, kupha anthu, ena kupita nawo, mpaka asilikali athu ankazithamangitsa kukalowa nazo m'chigawo cha Tete. Munthu amene anagonapo kutchire usiku wamvula sangalekerere kukayikira aliyense amene anagwirapo mfuti tsidya lija. Koma ana anuwo muwauze kuti oopsa amakhalapo ndithu, kungoti ndi ochepa, ndipo boma likalephera kuwapatula pakati pa khamu la asilikali wamba, limadziumbira lokha adani amene linalibe.

Msilikali wamba nkhondo ikatha amafuna kwawo basi. Pa 4 Okutobala 1992, Joaquim Chissano, pulezidenti wa Mozambique, ndi Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa Renamo, anasaina pangano la mtendere ku Rome. Anagwirizana kuti magulu onse awiri athe, pakhale gulu latsopano la asilikali 30,000, theka a boma, theka a Renamo, ndipo munthu alowe mwa kufuna kwake. Odzipereka anangokwana pafupifupi 12,000. Anthu oposa 90,000 anatula pansi zida n'kuuyamba wa kwawo. Ambiri mwa iwo anachita kugwidwa ali anyamata, ena ali ana enieni, ndipo usilikali unali utawakwana. Ngakhale zipolowe zimene zinkabuka m'makampu odikirira mu 1994, pamene asilikali ankatseka misewu, zinali zofuna chakudya, malipiro, ndi kuti atulutsidwe msanga. Sankamenyera mpando wa munthu.

Vuto lili pa zimene zimatsala gulu likatha. Lamulo lothetsa gulu la nkhondo limalembedwa tsiku limodzi, koma mfuti sizisungunuka ndi siginecha, sajeni saleka kukhala sajeni m'maso mwa anyamata amene anadya nawo m'poto mmodzi zaka khumi, ndipo ngongole imene boma lili nayo kwa anthuwo imakhala ikukula mwezi ndi mwezi.

Za mfuti ndiye zimapusitsa maboma ambiri. Polembetsa pakampu munthu amayenera kupereka chida. Mkulu wa gulu wochenjera amatumiza anyamata ake ndi mfuti zadzimbiri, zabwinozo atabisa kale, poti sakudziwa ngati mnzake wasainadi ndi mtima wonse. Mfuti ya AK-47 ukaipaka girizi, n'kuikulunga m'pulasitiki kapena m'chubu cha galimoto, n'kuikwirira pafupi ndi chulu, imakhala zaka zambiri ndipo ukaifukula imalirabe. Malowo amawadziwa anthu atatu kapena anayi okha. Njala ikawawa mmodzi mwa iwo amakafukula imodzi n'kukaigulitsa, ndipo umu ndi mmene mfuti za nkhondo ya ku Mozambique zinayambira kupezeka m'manja mwa mbava ku South Africa, ku Malawi ndi kuno kwathu m'zaka za m'ma 1990, komanso kwa opha njovu. Woombera pa golosale usiku kawirikawiri sanali msilikali wakaleyo. Anali wogula.

Zimene zinathandiza pamenepa zinalunjika pa chida osati pa munthu. Kuyambira mu 1995 apolisi a ku South Africa ndi a ku Mozambique anayamba ntchito imene anaitcha Operation Rachel. Woloza pamene pakwiriridwa zida ankapatsidwa kangachepe osati maunyolo, ndipo zidazo ankaziphulitsa pompo, osazinyamula kupita nazo ku nyumba zosungira kumene zikanatha kubedwanso. Chaka chomwecho bungwe la mipingo la Christian Council of Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, linayamba kusinthanitsa mfuti ndi njinga, makasu, makina osokera ndi zipangizo zomangira nyumba, osafunsa kuti mfutiyi unaitenga kuti. Wina angati uku n'kulekerera olakwa. Ine ndimati mfuti imene yaphulitsidwa siidzaphanso munthu, pamene munthu woopa kumangidwa amangoikankhira pansi kwambiri.

Pa malipiro, a ku Mozambique anachita chanzeru chimene ambiri sachitchula. Msilikali wotuluka ankapatsidwa zovala wamba, khasu, mbewu ndi chidebe, n'kukwezedwa galimoto mpaka dera limene wasankha yekha. Boma linamulipira miyezi 6, ndipo mayiko othandiza, kudzera ku United Nations, anawonjezera miyezi 18. Ndalamayo sinkabwera nthawi imodzi. Munthu ankakhala ndi kabuku ka macheke, n'kumakatapa ku banki ya m'dera lake miyezi iwiri iliyonse. Inali yochepa, koma inamumanga munthuyo kumudzi kwa dzinja ziwiri, nthawi yokwanira kuswa mphanje, kumanga kanyumba, kupeza banja. Pamene cheke chomaliza chinkatha, amene kale anali kopolo anali atasanduka mkamwini wa pamudzi, ndipo anzake a kutchire anali atabalalikira m'zigawo zosiyanasiyana. Asilikali a Zambia anali m'gulu la United Nations limene linkayang'anira mtenderewo, choncho ena mwa opuma ntchito amene muli nawo kumidzi kuno anaziona ndi maso.

Taonani tsopano za anansi athu a kuseri kwa Mwami. Apayoniya a ku Malawi anayamba mu 1963 ngati gulu la achinyamata a chipani cholamula cha Malawi Congress Party (MCP), lophunzitsa ulimi ndi ntchito zamanja, koma pofika m'ma 1980 anali ndi mfuti zawo, makampu awo ndi akazitape awo, ndipo ankangomvera Kamuzu Banda. Asilikali a boma ankawaona ngati opikisana nawo. Anthu atavotera zipani zambiri mu Juni 1993, panali mgwirizano woti Apayoniya alandidwe zida, koma zinkangozengereza. Pa 1 Disembala 1993, mkangano wa kumowa ku Mzuzu unathera poti Apayoniya anaombera ndi kupha asilikali a boma a ku kampu ya Moyale. Patangopita masiku awiri asilikali anathira nkhondo malikulu a Apayoniya ku Lilongwe ndi makampu awo m'dziko lonse pa zimene zinatchedwa Operation Bwezani. M'masiku ochepa gululo linatheratu, ndipo chisankho cha mu Meyi 1994 chinachitika popanda gulu la chipani lonyamula mfuti. Pamenepo ndiye panapindula dziko. Koma popeza zinachitika mwaukali, popanda kaundula, popanda dongosolo la malipiro, Apayoniya pafupifupi 2,000 anathawira ku Mozambique, ku madera a Renamo, ena ndi zida zawo, ndipo boma latsopano la Bakili Muluzi linayamba ntchito lili ndi nkhawa ya anthu amenewa. Nkhondo imene ankaopayo sinabwere. Chinabwera ndi madandaulo: patapita zaka zoposa 20, nkhalamba zimene kale zinali Apayoniya zinali zikusonkhanabe ku Lilongwe kufuna ndalama zawo za ntchito. Ambiri mwa iwo anali alimi, amakaniko ndi oyendetsa galimoto, osati ozunza anthu, koma analipira mlandu wa gulu lonse.

Kusamutsa asilikali akale n'kuwaika kutali ndi malire ndi njira imene yachitikapo m'chigawo chathu chino. Malo a Ukwimi, kumtunda kwa Petauke, anatsegulidwa cha mu 1987 kuti mukhale othawa nkhondo a ku Mozambique, ndipo anthuwo anabwerera kwawo mtendere utabwera. Mu 2000 malowo anatsegulidwanso, ulendo uno kuti alandire amene kale anali ankhondo a UNITA a ku Angola, amene anadumphira ku Zambia gulu lawo litapanikizidwa. Anawachotsa kumadzulo n'kuwadutsitsa dziko lonse mpaka kuno kummawa. Chifukwa chake n'chomveka. Boma la Angola linali litadandaula kale kuti zida za UNITA zikudzera m'Zambia, ndipo kusiya anthu odziwa nkhondo pafupi ndi malire, osakanikirana ndi amayi ndi ana othawa kwawo, kukanapatsa asilikali a Angola chifukwa cholowera. Pangano la mayiko a mu Africa lokhudza othawa kwawo, la mu 1969, limanenanso kuti othawa aziikidwa patali ndi malire a dziko limene achokera. Dziko lino linali litaonapo kale zotsatira za kulekerera. Asilikali a Katanga, chigawo chimene chinafuna kudzipatula ku Congo, gulu lawo litagonja mu 1963, ambiri anathawira ku Angola osabalalika, akuluakulu awo ali nawo pomwepo. Mu 1977 anabwerera ndi nkhondo, ndipo mu 1978 anadutsa m'dera la kumpoto chakumadzulo kwa Zambia kukalanda tauni ya Kolwezi. Panali patapita zaka 15, koma gulu linali lidakalipo. Kusamutsa kwa mtundu wa Ukwimi ndimakuvomereza, malinga ngati kuli ndi malire a nthawi, anthu akuloledwa kulima ndi kukhala ndi mabanja awo, ndipo pali wofufuza mmodzimmodzi kuti amene wasiyadi nkhondo amasulidwe. Popanda zimenezi kampu imasanduka ndende yopanda woweruza.

Choipitsitsa ndi kuika mlandu pa gulu lonse, ndipo chitsanzo chake ndi Zimbabwe. Mu 1980 anayesa kuphatikiza magulu atatu: ZANLA ya Robert Mugabe, ZIPRA ya Joshua Nkomo, ndi asilikali a boma la Rhodesia. Odikirira kulowa m'gulu latsopano anaikidwa moyandikana ku Entumbane, mu Bulawayo, mfuti zili m'manja, ndipo anamenyana mu Novembala 1980 ndi mu Febuluwale 1981. Mu Febuluwale 1982 boma linalengeza kuti lapeza zida zobisika pa mafamu a chipani cha Nkomo. Nkomo anachotsedwa unduna, mafamu amene asilikali akale a ZIPRA anasonkherana ndalama kugula analandidwa, ndipo akuluakulu awo Dumiso Dabengwa ndi Lookout Masuku anamangidwa. Khoti linawapeza osalakwa pa mlandu woukira boma mu 1983, koma anatsekeredwabe mpaka 1986. Taganizirani mnyamata wa ZIPRA amene ali m'gulu latsopano, akuona mkulu wake ali m'ndende ngakhale khoti lamumasula, famu imene anaikako ndalama yapita, anzake akungosowa. Ena anathawa, ochepa n'kulowa kutchire ndi mfuti. Zigawengazo zinali mazana ochepa chabe, koma boma linatumiza gulu la Fifth Brigade, lophunzitsidwa ndi a ku North Korea, ku Matabeleland, ndipo anthu wamba masauzande ambiri anaphedwa, chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi 20,000. Zinatha ndi pangano la andale la pa 22 Disembala 1987 ndi chikhululukiro chimene chinatsatira, ndipo otsala kutchire anatuluka okha. Zida zobisikazo zinalipodi, ndipo boma linali ndi ufulu wozilanda ndi kuzenga mlandu ozibisa. Koma linagwetsa chisa cha mavu ndi mwala masana, kenako n'kumakwapula mudzi wonse chifukwa cholumidwa.

Dziko lomwelo linaonetsanso kuipa kwa ngongole yochedwa. Ndalama zopumira za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 zinali za zaka ziwiri, zitatha ambiri anasauka. Mu 1997 asilikali akale a nkhondo ya ufulu anamupanikiza Mugabe mpaka anavomera kupatsa aliyense madola a Zimbabwe 50,000 nthawi imodzi ndi 2,000 pamwezi, ndalama zimene sizinali mu bajeti. Pa 14 Novembala chaka chomwecho ndalama ya dzikolo inagwa koopsa. Kuyambira pamenepo asilikali akalewo anasanduka chida cha chipani, ndipo tinawaona patsogolo polanda mafamu mu 2000.

Za ku Iraq n'zodziwika. Pa 23 Meyi 2003, Paul Bremer, amene America inamuika kuyang'anira dzikolo, anathetsa gulu lonse la nkhondo ndi kalata imodzi. Amuna mazana a masauzande anatsala opanda malipiro, nyumba zosungira zida zili zosalondedwa, ndipo akuluakulu ena anakapereka luso lawo kwa zigawenga. Julius Nyerere anachita mosiyana asilikali a Tanganyika Rifles atagalukira mu Januwale 1964. Anapempha asilikali a Britain kuti awalande zida, kenako a Nigeria anagwirizira kwa kanthawi. Otsogolera chipolowe anazengedwa mlandu, ena ambiri anangotumizidwa kwawo, ndipo pofika Seputembala chaka chomwecho panali gulu latsopano. Anayamba walanda zida, n'kupeza wolonda dziko, kenako n'kumwaza.

Kuno kwathu sitinathetsepo gulu lathunthu la nkhondo, ndipo mbiri yathu ili ndi phunziro lina limene ana a sukulu angadabwe nalo. Amene anayesa kulanda boma pa wailesi, Mwamba Luchembe pa 30 Juni 1990 ndi Stephen Lungu, wodziwika kuti Captain Solo, pa 28 Okutobala 1997, anali asilikali a pantchito, ovala yunifolomu, osati opuma. Wopuma alibe kiyi wa nyumba ya zida, alibe galimoto, alibe wailesi yolumikizira magulu. Ngakhale atsamunda ankaopa asikari obwera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, amene anakamenya ku Ethiopia ndi ku Burma (dzina la Gondar Barracks mu Chipata muno likukumbutsa nkhondo ya ku Gondar ya mu 1941), koma ambiri anangobwerera ku makasu awo, ena kukafuna ntchito ku migodi. Ndipo onani zimene zinatsatira mu 1997: boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo lamulo lotsekera anthu popanda kuwazenga mlandu silinathere pa asilikali okha. Dean Mung'omba, mtsogoleri wa chipani china chotsutsa, anamangidwa, Kenneth Kaunda anatengedwa pa tsiku la Khirisimasi, ndipo mlandu wake unadzathetsedwa chaka chotsatira. Apa ndi pamene funso lanu lakuti kapena ndi mantha a andale lili ndi mano. Mphamvu zimene boma limapempha pofuna kuthana ndi anthu a mfuti sizichedwa kugwiritsidwa ntchito pa anthu a pakamwa.

N'chifukwa chake pomva kuti boma lina lakhwimitsa chitetezo pa asilikali ochotsedwa, ndimafunsa kuti lamulolo likugwira ndani. Kulemba mayina ndi kumene munthu akukhala si nkhanza, kaundula yemweyo ndiye amalipirira penshoni. Kuletsa munthu wamba kuvala yunifolomu ya usilikali, kuletsa magulu ochita perete ndi kuphunzitsana nkhondo m'dzina la chipani, kulanda mfuti yopanda chilolezo, zonsezi ndi malamulo ogwira aliyense, ndipo n'zoyenera. Kulonda mkulu wina amene pali umboni wakuti akusonkhanitsa anyamata ake akale, n'kupita naye kukhoti, ndi ntchito ya boma. Koma kumana munthu ntchito, kumuletsa kuyenda, kumutsekera chifukwa chongoti anali m'gulu lakutilakuti, kumamuuza kuti kumudzi kulibe malo ake, ndiye wotsala womumvetsa ndi sajeni wake wakale uja.

Akuluakulu apakatiwa ndiwo ofunika kuwaganizira kwambiri, ndipo ndiwo amaiwalika. Wamkulu weniweni amapatsidwa mpando ku nyumba ya malamulo kapena ukazembe. Msilikali wamba amakhutira ndi munda. Koma amene ankalamula anthu 100 kutchire, sukulu sanapite nayo patali, khasu akuliona ngati kumutsitsa, ndiye amadziwa pamene pali zida ndiponso kumene mnyamata wake aliyense akukhala. Ku Mozambique mtendere unagwira zaka 20, koma mu Okutobala 2012 Dhlakama anabwerera kutchire ku Gorongosa, ndipo amene anamuzungulira ambiri anali amuna aimvi a nkhondo yakale ija. Pangano la mu 1992 linamulola kusunga omulonda okhala ndi mfuti kwa kanthawi, ndipo kanthawiko sikanathe. Chinanso, asilikali akale a Renamo ankadandaula kuti anzawo a boma ali pa penshoni pamene iwo alibe. Kuomberana kunayambiranso mu 2013, ndipo pofika 2016 anthu a ku Tete anali kuthawiranso ku Malawi, ku Mwanza. Panafunika pangano lina, la Filipe Nyusi, pulezidenti wa nthawiyo, ndi Ossufo Momade, amene analowa m'malo mwa Dhlakama, mu Ogasiti 2019, kuti ankhondo 5,221 atule zida. Kampu yomaliza ya Renamo inatsekedwa mu Juni 2023, chaka chomwe boma linavomereza kuti anthuwo azilandira penshoni. Penshoni imeneyo ikanaperekedwa mu 1994 ikanatsika mtengo kwambiri.

Malamulo athu akulu, monga anakonzedwera mu 2016, ali ndi ndime 189 imene imati wopuma ntchito akapanda kulandira ndalama zake pa tsiku lomaliza, dzina lake likhalebe pa mndandanda wa malipiro mpaka atalipidwa. Anthu amaiona ngati nkhani ya ma ofesi, koma kwa munthu wodziwa mfuti ndi nkhaninso ya chitetezo cha dziko, malinga ngati ikutsatidwa.

Poti mukuphunzitsa ana a m'malire, onjezani ichi. Zida za nkhondo ija sizinafukulidwe zonse. Mwana akapeza chitsulo chachilendo poweta ng'ombe kapena pogalauza munda, kaya ndi zipolopolo, kaya chooneka ngati bomba, asachigwire kapena kuchigogoda ndi mwala. Aike chizindikiro patali, akauze akulu, amfumu adziwitse apolisi. Ndipo amene ali ndi mfuti yosiyidwa ndi malemu amalume kudenga la nyumba asayende nayo yekha pamsewu kupita ku polisi. Ayambe wauza amfumu, apolisi abwere adzaitenge okha.